Bodi ya Pikapu Yakale: Zoyenera Kusula Konkuno ndi Zoyenera Kugula

Injini ya pikapu yakale imalola kukonzedwa kambirimbiri. Mu Lilongwe muno muli amakaniko okwanira amene angamasule injini ya Hilux, ya Isuzu kapena ya Land Cruiser ya m'zaka za m'ma 1980, kuibwezera zimene zatha ndi kuimanganso mpaka kulira bwino ngati kale. Chimene chimatha mwakachetechete, mwini wake osadziwa, ndi bodi. Dzimbiri limayambira m'malo amene maso safikako kawirikawiri: pansi pa mapazi a dalaivala, m'munsi mwa zitseko, m'makona a kumbuyo kwa kabini, mozungulira matayala, ndi pansi pa bodi ya kumbuyo pamene pamakhala katundu. Munthu aliyense amene waganiza zobwezeretsa galimoto yotere mwakale amafika pa funso limodzi, ndipo amafikapo msanga: kodi chigawo chimene chadyeka achigule chopangidwa kale, kapena apeze chitsulo chosapinda n'kupatsa mmisiri kuti achisule?

Ine ndikukonza Toyota Hilux ya mu 1982, ya m'gulu limene linkapangidwa kuyambira 1978 mpaka 1983. Inali ya malume anga, ndipo moyo wake wonse wantchito inkayenda pakati pa Mitundu ndi tauni, kunyamula feteleza nthawi yodzala, chimanga nthawi yokolola, ndi mabelo a fodya kupita ku Kanengo. Pa ntchito imeneyi ndafika pokhulupirira kuti funsoli siliyankhika kamodzi pa galimoto yonse. Liyenera kufunsidwa pa chigawo chilichonse pachokha, ndipo yankho limachokera ku maonekedwe a chigawocho ndi ntchito imene chimagwira. Ndikhulupiriranso kuti kwa ife a kuno, pa zigawo zambiri zimene zimawola, kusula ndiko koyenera kuyamba kuganiziridwa, bola chitsulo chikhale choyenera ndipo mmisiri alipidwe nthawi yake yonse.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuona kaye mmene magalimoto athu amawolera. Ku maiko ozizira amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo magalimoto a m'mbali mwa nyanja zamchere amadyedwa ndi mphepo yochokera kunyanja, motero dzimbiri limagwira paliponse. Ife zimenezo tilibe. Chathu ndi matope a katondo amene amakakamira kuseri kwa madigadi kuyambira mvula yoyamba ya mu Novembala mpaka mu Epulo, n'kumasunga chinyezi pa chitsulo ngakhale dzuwa litawala. Chathu china ndi feteleza: thumba la Urea likang'ambika, timibulu take timalowa m'mipata ya bodi ya kumbuyo, timakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo chitsulo chimadyeka mwamsanga kuposa mmene madzi okha akanachidyera. Onjezanipo mphasa za labala zimene zimabisa madzi olowera pa galasi lodontha, ndi timabowo totulutsira madzi ta m'munsi mwa zitseko timene timatsekeka ndi fumbi. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo sankakutidwa zinki monga a masiku ano, ndipo ku fakitale zigawo zinkalumikizidwa posanjikiza zitsulo ziwiri ndi kuziwotcherera m'timadontho, kotero kuti pakati pake pamatsala kampata kopyapyala kamene madzi amalowamo koma osatulukamo. Zotsatira zake n'zakuti galimoto ya kuno imawola kuchokera pansi, pamene denga, boneti ndi kumtunda kwa zitseko zimakhala zidakali zolimba. Ndipo zigawo za pansizo, mwamwayi, ndi zimene zili ndi maonekedwe osavuta.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati chigawo chingasulidwe ndi zida wamba. Tengani pepala lalikulu, muliyale pa chigawocho ndi kulisalaza ndi dzanja. Pepala mukalikulunga pa ndowa limagona bwino lopanda makwinya, chifukwa ndowa inapindika mbali imodzi yokha. Mukalikulunga pa dzungu limachita makwinya paliponse, chifukwa dzungu linapindika mbali zonse. Chitsulo chopyapyala chimachita chimodzimodzi. Pamene pepala lagona bwino, chitsulo chimangofunika kudulidwa ndi kupindidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito imene mmisiri aliyense wosamala angaichite. Pamene pepala lachita makwinya, chitsulo chiyenera kutanulidwa pakati pochimenya kuti chipyapyale, kapena kukhwinyatidwa m'mphepete kuti chisonkhane, ndipo luso limenelo limatenga zaka kuti munthu alidziwe. Pansi pa kabini, chitsulo chopingasa cha pansi pa chitseko, pansi pa bodi ya kumbuyo ndi mbali zake, zonsezi pepala limagonapo bwino. Madigadi a kutsogolo, boneti, denga ndi makona ozungulira a kabini zimakwinyitsa pepala.

Ku fakitale zigawo zokhota mbali zonsezi zimapangidwa m'kanthawi kochepa. Chitsulo chimaikidwa pakati pa zikombole ziwiri zachitsulo, chachimuna ndi chachikazi, ndipo makina amaziphatikiza ndi mphamvu ya matani mazanamazana, n'kutulutsa chigawo chokhala ndi mizere yonse, mabowo onse ndi milomo yonse yolumikizira. Zikombole zimenezi n'zokwera mtengo kwambiri, motero zimasungidwa kapena kupangidwanso pokhapokha ngati pali anthu ambiri ofuna kugula zigawozo. Apa ndi pamene eni magalimoto akale amasiyanirana mwayi. Mwini Nissan 1400 ali pabwino, chifukwa kapikapu kameneka, kamene kanayamba mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, kanapitiriza kupangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka mu 2008, ndipo madigadi, maboneti ndi zitseko zake zimapezeka ku South Africa popanda kuvutika. Mwini Land Cruiser ya gulu la 70 alinso pabwino, pakuti inayamba mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Mwini Land Rover yakale ali ndi msika waukulu wa ku Britain umene umagulitsa pafupifupi chigawo chilichonse. Koma mwini Peugeot 404 yonyamula katundu, ngakhale inkamangidwabe ku Kenya mpaka mu 1991, kapena mwini Toyota Stout, adzafunafuna nthawi yaitali, ndipo kwa iye kugula nthawi zina kumangokhala mawu chabe.

Ngakhale chigawo chitapezeka, chiyenera kufika ku Lilongwe, ndipo apa mtengo wolembedwa pa intaneti umasanduka chiyambi chabe. Katundu wochokera ku Johannesburg pamsewu amadutsa pa Beitbridge, kulowa mu Zimbabwe, kutulukira pa Nyamapanda, kudutsa ku Tete, kenako kulowera pa chipata cha Dedza. Chigawo cha bodi n'chopepuka koma chachikulu, motero wonyamula amalipiritsa malo amene chatenga, ndipo chifukwa n'chopyapyala sichichedwa kupindika chikapanikizidwa ndi makatoni a anthu ena pa ulendo wautali chotere. Pa chipata pali msonkho wa MRA. Pamwamba pa zonsezi pali ndalama zakunja, zimene zakhala zikusowa m'mabanki, ndiponso kwacha imene inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona, chitsulo chosapinda chimene timagula m'mashopu a ku Malangalanga nachonso n'chochokera kunja ndipo chinakwera mtengo, koma pepala limodzi la chitsulo limatulutsa zigawo zingapo, ndipo ndalama yaikulu ya ntchitoyo imapita m'manja mwa mmisiri wa konkuno, m'makwacha.

Chinthu chimene ogula koyamba sachiyembekezera n'chakuti chigawo chogula sichichotsa ntchito ya mmisiri. Zigawo zambiri zimene zimagulitsidwa pa magalimoto akale sizichokera kwa wopanga galimotoyo. Ndi zotengera, zambiri zopangidwa ku Taiwan, ndipo zikombole zake zinajambulidwa poyeza chigawo chenicheni. Zina zimakhala zabwino ndithu, koma zina mizere yake imakhala yofooka, chitsulo chake chopyapyalako, ndipo mabowo a mabawuti amaphonyana ndi a pa galimoto. Komanso galimoto imene yanyamula katundu wopitirira muyeso kwa zaka 40 m'misewu ya fumbi siinakhalenso mmene inatulukira ku fakitale. Madigadi a kumanja amene ndinagulira Hilux yanga anafika ali owala bwino ndi penti yakuda, koma titawakhazika, mpata wa pakati pa iwo ndi chitseko unali wothina kumtunda moti chitseko chinkakhula potseguka, pamene kumunsi chala chinkalowa. Mmisiri anakuza mabowo awiri ndi tupa, anadula mlomo wam'kati n'kuusuntha pang'ono, n'kuuwotchereranso, ndipo anachita kukhazika ndi kuchotsa mobwerezabwereza mpaka mpata unafanana kuchokera pamwamba kufika pansi, pafupifupi mamilimita 4 kapena 5, ndipo mzere wa pa madigadi unakumana ndi wa pa chitseko. Ntchito yonseyi imachitika penti isanapakidwe, ndipo wowerengera ndalama zogulira chigawo ayenera kuiwerengera pamodzi. Ayeneranso kukumbukira kuti chigawo chimene chawoloka malire atatu sichibwezedwa kwa wogulitsa chikapezeka kuti sichikukwana.

Pali njira ina yogulira imene kuno ili pafupi kwambiri, ndiyo kudula chigawo pa galimoto ina ya mtundu womwewo imene inaima kalekale. Kuseri kwa magalaja a ku Biwi, ku Kawale ndi ku Area 25 kuli mabodi otere, ena atamera udzu m'kati. Chigawo chochokera pamenepo chinatuluka m'chikombole chenicheni, chili ndi makulidwe oyenera, ndipo mizere yake imakumana ndi ya galimoto yanu popanda kulimbana nayo. Pa denga, boneti ndi makona okhota, njira imeneyi ndimaiika patsogolo pa zonse. Vuto lake n'lakuti magalimoto a mtundu umodzi amawolera malo amodzimodzi, motero pansi pa kabini imene mwapezayo nthawi zambiri pamakhala podyeka ngati panu. Pogula muyenera kuyendetsa maginito pa chigawo chonse, chifukwa pamene maginito sakugwira bwino pali fila wokhuthala, phala lija lomatira bodi, wobisa chilonda chakale, ndipo podula muyenera kudula motalikira kuposa pamene mukufuna, kuti mmisiri akasete yekha pa galimoto yanu. Muyeneranso kudziwa bwino mwini wa galimoto imene mukudulayo. Ndimadandaula kuti mabodi amenewa akutha msanga, popeza ogula zitsulo zakale amawaphwanya ndi kuwagula pa sikelo, ndipo boneti yabwino imene sidzapangidwanso imagulitsidwa pa mtengo wa kulemera kwake basi.

Tsopano tifike pa kusula, ndipo tiyambe ndi chitsulo chenichenicho, chifukwa ntchito zambiri zimalakwika nyundo isanagwiridwe. Khungu la kunja la bodi ya magalimoto amenewa limakhala pafupifupi mamilimita 0.8 mpaka 1.0, limene ogulitsa amalitcha geji 20. Pansi pa kabini pamafuna pafupifupi mamilimita 1.2, geji 18. Ndipo zogwirizira zimene zimasenza kulemera zimafuna mamilimita 1.5 kapena kuposerapo. Malata ambiri ofolera nyumba safika ngakhale theka la milimita, koma ndaona pansi pa magalimoto ambiri atakhomedwa malata otere ndi marivete, kenako kupakidwa phula kuti asaoneke. Ndaonanso zitseko za mafiriji ndi migolo yong'ambidwa. Chitsulo choyenera ndi chosalala, chosakutidwa kanthu, cha makulidwe ofanana ndi chimene chikuchotsedwa, ndipo njira yodziwira ndiyo kudula kachidutswa pamalo pamene sipanadyeke n'kupita nako ku shopu. Chitsulo chokhuthala kuposa choyambirira sichilimbitsa galimoto monga ambiri amaganizira. Chimavuta kupinda, chimavuta kulumikiza ndi chopyapyala, ndipo chopyapyalacho chimayamba kung'aluka m'mphepete mwa mlumikizo. Chitsulo chokutidwa zinki nacho chili ndi vuto lake, pakuti utsi woyera umene umatuluka pochiwotcherera umadwalitsa mmisiri, ndipo zinki iyenera kupalidwa kaye pamalo owotcherera.

Pansi pa kabini ya Hilux yanga panasulidwa ndi bambo wina wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa chisakasa cha malata, ndipo ndinkakhala pambali kuonerera. Anayamba ndi kupala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo choyera chinaonekera mbali zonse za bowo, kenako anajambula ndi choko malire odulira, motalikira kuposa pamene ine ndinkaona kuti padyeka. Nditafunsa chifukwa chake, anatenga chitsulo chosongoka n'kubaya pamalo pamene pankaoneka pabwino, ndipo chinalowa. "Achimwene," anatero, "dzimbiri limene mukuliona ndi lija latuluka kale. Ife timadula mpaka pamene nyundo ikulira bwino." Atatero anatenga katoni ya sopo, anaiyala pa bowolo, anaisindikiza ndi chala m'mphepete monse kuti malire adindike, n'kuidula ndi sizasi, n'kulemba pa katoniyo pamene padzapindidwe ndi mbali imene padzapindikire. Katoniyo itakwana bwino m'pamene anaigoneka pa chitsulo ndi kujambula.

Kupinda anakuchita popanikiza chitsulocho pakati pa zitsulo ziwiri zangodya, n'kumachimenya pang'onopang'ono ndi nyundo yamtengo kuchokera mbali ina kupita ina, osafuna kumaliza kona yonse pa ulendo umodzi. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mizere. Pansi pa kabini ya ku fakitale pali mizere yotukuka, ndipo siinaikidwe kuti ikongoletse: chitsulo chosalala cha makulidwe amenewa chimanjenjemera ndi kulira galimoto ikamayenda, ndipo chimapindika munthu akachiponda, koma mizere imachiumitsa popanda kuchilemeretsa. Bamboyo analibe makina odindira mizere. Anali ndi thabwa lolimba la mlombwa limene analisema ngalande, ndipo ankagoneka chitsulo pamwamba pake, kuika kamtengo kachitsulo kozungulira motsatira ngalandeyo, n'kumakamenya mpaka mzere unatuluka wowongoka, wofanana kuya ndi wa pa chigawo chakale. Atamaliza anaimika chigawocho pansi n'kundiuza kuti ndiyese kuchipinda ndi manja, ndipo sichinatheke. Zigawo zazitali monga zopingasa za pansi pa zitseko ndi bwino kupita nazo kumene kuli makina odulira ndi opindira, monga m'mashopu ena a ku Kanengo, chifukwa mzere wautali wopindidwa ndi nyundo suwongoka ngati wa makina, ndipo malipiro a kupinda kokhako si aakulu.

Kaya chigawo n'chogula kapena chosula, chimene chimaweruza ntchito yonse ndi mlumikizo. Makina owotcherera amene ali ponseponse m'mbali mwa msewu ku Mchesi, aja ogwiritsa ntchito marodi, ndi abwino pa mageti, mafelemu a mawindo ndi chasisi, koma pa chitsulo chosakwana milimita imodzi amangoboola. Kuwotcherera ndi gasi kumatheka, ndipo amisiri akale amakudziwa bwino, koma kumatenthetsa malo aakulu, ndipo chitsulo chikamazizira chimakokana n'kupotoka. Makina a MIG, amene amawotcherera ndi waya m'malo mwa marodi, okhala ndi waya wa mamilimita 0.6 kapena 0.8, ndiwo oyenera kwambiri, ndipo ndikanalangiza aliyense kuti asanasankhe galaja afunse ngati makinawa alipo. Ngakhale ndi MIG, mmisiri sayendetsa mzere umodzi wautali. Amaika kadontho pano, kena kutali, kena kutsidya, amadikira kuti pazizire mpaka dzanja likhoza kukhudza, amamenya kadonthoko pang'ono ndi nyundo atatsamiritsa chitsulo china kuseri kuti abweze kukokana kuja, kenako amabwereranso kudzaza mipata. Bambo uja ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mawuwa ndi oona ndithu, pakuti wofulumira amapotoza chigawo chonse n'kubisa zotsatira zake ndi fila.

Kalumikizidwe kake nakonso n'kofunika. Njira yachangu ndiyo kugoneka chigamba pamwamba pa bowo n'kuwotcherera m'mphepete, koma pamenepo mwapanganso kampata kaja kosunga madzi, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo, nthawi zina mvula ziwiri zisanathe. Njira yoyenera pa khungu la bodi ndiyo kudula chigamba kuti chilowe ndendende m'bowo, milomo iwiri ikumane popanda kusanjikizana, kotero kuti ikawotchereredwa ndi kusalazidwa pamakhala chitsulo chimodzi kutsogolo ndi kuseri komwe. Pamene fakitale inasanjikiza dala ndi kuwotcherera m'timadontho, timadonthoto timaboolewa kamodzikamodzi, chigawo chakale n'kuchotsedwa, ndipo chatsopano chimabooledwa timabowo timene timadzazidwa powotcherera, pa mipata yofanana ndi yakale.

Ndimamva kawirikawiri anthu akunena kuti amisiri a kuno sangathe ntchito yotere, kuti chimene amadziwa ndi kumata fila basi. Sindivomereza. Dziko limene lili ndi anthu osula ndowa, mbaula ndi makheni othirira m'dimba, opinda milomo ya chitsulo mpaka madzi osadontha, silingasowe manja odziwa chitsulo chopyapyala. Ndipo pali achinyamata amene anaphunzira kuwotcherera ndi kupanga zitsulo ku Lilongwe Technical College ndi m'masukulu ena oyang'aniridwa ndi TEVETA. Chimene chimachitika n'chakuti eni magalimoto ambiri amafika pa galaja akufuna galimoto ituluke Lachisanu, pa mtengo umene sungakwanire ngakhale chitsulo ndi gasi, ndipo amaweruza ntchito poona kuwala kwa penti. Mmisiri amene walipidwa ndalama ya masiku awiri pa ntchito ya masabata awiri adzapeza njira ya masiku awiri, ndipo njirayo ndi fila. Fila payekha si woipa. Anapangidwa kuti asalaze timaenje tating'ono, pa makulidwe a mamilimita ochepa chabe. Akaikidwa kutseka bowo amamwa madzi kuchokera kuseri, amatupa, ndipo amagwa ngati chibuma. Motero pangano langa ndi mmisiri limakhala lakuti kusula ndi kuwotcherera kulipidwe pakokha, kupenta pakokha, ndipo fila asapakidwe ine ndisanaone chitsulo chili poyera kutsogolo ndi kuseri. Mmisiri wabwino amakondwera ndi pangano lotere, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene luso lake limaonekera penti isanaliphimbe.

Pali zigawo zina zimene sizifuna kuyeserera, ngakhale maonekedwe ake atakhala osavuta. Ndikunena za pamene kabini imakhalira pa chasisi, mizati imene imagwira zitseko, pamene pamamangidwa mipando ndi malamba a chitetezo. Zimenezi zikhoza kusulidwa, koma ziyenera kutsatira makulidwe ndi kamangidwe koyambirira, kuphatikizapo zitsulo zolimbitsa zimene zimabisika m'kati, chifukwa pa ngozi ndi zimene zimasunga munthu. Asanadule chopingasa cha pansi pa chitseko, mmisiri ayenera kuwotcherera zitsulo zongogwirizira pakhomo la chitsekocho, apo ayi kabini imagwa pang'ono ndipo chitseko sichidzatsekanso bwino. Malo amene pali nambala ya chasisi asakhudzidwe n'komwe, popeza a Road Traffic amaiyang'ana, ndipo nambala yooneka ngati yakonzedwa imabweretsa mafunso amene palibe mwini galimoto angawafune popita kukatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Eni Land Rover yakale ali ndi nkhani yawoyawo. Kuyambira 1948 khungu la bodi yake linkapangidwa ndi aluminiyamu, lambiri n'losalala ndi lomangidwa ndi marivete, motero kulisula n'kosavuta, koma kuliwotcherera n'kovuta, chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 osafiira kaye monga chimachitira chitsulo. Chimene chimawola kwa iwo ndi chasisi ndi khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi okwera, komanso malo amene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, pamene pamatuluka ufa woyera.

Sindikufuna kubisa kuti kusula kuli ndi malire. Madigadi athunthu akhoza kusulidwa ndi manja, pa chitsa chogobedwa ndi nyundo yozungulira mutu, koma mmisiri wodziwa zimenezo ndi wosowa, nthawi yake ndi yaitali, ndipo kupanga a kumanzere ofanana ndendende ndi a kumanja n'kovuta kwambiri. Pa chigawo chotere, ngati chogula chilipo, ndalama yogulira ndi yonyamulira imachepa poyerekeza ndi masabata a ntchito, makamaka magetsi akamazimazima ndipo makina n'kumakhala chete theka la tsiku. Koma kawirikawiri sipafunika kusankha pakati pa chigawo chathunthu chogula ndi chathunthu chosula. Chitseko chimene chadyeka m'munsi mokha chimangofunika kudulidwa chikhatho chimodzi kuchokera pansi ndi kuikidwa mzere watsopano. Madigadi a kumanzere a Hilux yanga anadyeka kona imodzi ya kuseri kwa tayala, ndipo kachigamba kosakula kuposa dzanja, kosulidwa pa chitsa, kanasunga chigawo chonse choyambirira, chimene chimakwana pa galimotoyo bwino kuposa chatsopano chilichonse. Chitsulo cha ku fakitale chimene chidakali cholimba ndimachisunga paliponse pamene ndingathe.

Zonse ziwiri, chogula ndi chosula, zimawolanso ngati kuseri kwake kwasiyidwa. Moto wowotcherera umapsereza penti ya kuseri kwa mlumikizo, ndipo pamenepo ndi pamene dzimbiri latsopano limayambira. Penti yakuda imene imabwera pa zigawo zogula siikhala yodalirika nthawi zonse, ndipo ngati ikuchoka mukaipukuta ndi thina iyenera kupalidwa yonse. Kuseri kwa chigawo chilichonse kupakidwe penti yoteteza dzimbiri, milumikizo imatidwe ndi chomatira cha bodi, m'kati mwa zitseko ndi mwa zopingasa muthiridwe phula lamadzimadzi lopangidwira ntchitoyo, ndipo timabowo totulutsira madzi tibwezeretsedwe pa zigawo zosula, chifukwa mmisiri akhoza kutiiwala potsatira katoni yokha.

Chigawo chimene chinandiganizitsa nthawi yaitali ndi chitseko cha kumbuyo, chija chimene chimatsitsidwa pokweza katundu. Feteleza anachidya m'munsi monse mpaka mahinji anayamba kugwedera, koma pakati pake pali zilembo za TOYOTA zotukuka, zimene zinadindidwa ndi chikombole ndipo palibe nyundo ingazitulutse zofanana. Chitseko chogula chimene ndinachipeza chinali chosalala, chopanda zilembo, ndipo cha pa galimoto ina chinali chodyeka kuposa changa. Tinagwirizana ndi bambo uja kuti tidule mosamala gawo la pakati lokhala ndi zilembo, tipinditse felemu yatsopano ku makina ndi chitsulo cha mamilimita 1.2, tiike zolimbitsa zokhuthalako pamene pamangidwa mahinji, kenako gawo lakalelo tililowetse pakati ndi kuliwotcherera kadontho ndi kadontho. Felemu yapindidwa kale ndipo yayesedwa pa galimoto. Zokowera zonse ziwiri zikulowa m'malo mwake. Chatsala ndi kuwotcherera gawo la zilembo, ntchito imene bamboyo wati adzaiyamba m'mawa wa tsiku limene magetsi adzakhalepo tsiku lonse, chifukwa safuna kuisiyira pakati.